Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Achimwene ndi amene ankaona pansi pa Malombe

Abale ndabweranso. Pepani ndakusungani nthawi yaitali, ena mpaka kundilowera ku inbox kufunsa ngati ndili moyo, ndilipo ine, kungoti gawo ili ndakhala ndikulizemba dala. Zikomo nonse amene munakomenta pa gawo 5, makamaka achemwali aja a ku Cape Town amene munati nkhani ya wailesi ya amalume inakukumbutsani bambo anu, ndi achikulire aja a ku Nkhotakota amene munandikonza pa za matchera, munanena zoona bambo. Koma pali mmodzi amene analemba kuti asodzi a ku Mangochi ndi mbuli, anamaliza okha nsomba nde lero akulira chani. Komenti yanu bwana sindinaifufute, ilipo, ndipo gawo lonseli ndi yankho lanu.

Tinalekezera paja amalume atabwerako ku Theba ndi masutikesi awiri ndi wailesi ija. Ulendo umenewo unali womaliza chifukwa 1988 zolemba anthu kupita ku migodi ya ku Joni zinatha, nde munthu aliyense amene anabwera ndi kandalama amafuna pokaika kuti kaswane. Ena anagula chigayo, ena anawonjezera mkazi. Amalume anagula nkacha ndi maboti awiri a matabwa.

Inu amene simunakule kunyanja ndikufotokozereni pang'ono. Ababa anali munthu wa matchera, ukonde wa maso akuluakulu, umatchera madzulo nkukaonjola mamawa, nsomba yaing'ono imangodutsa, yokodwa ndi yokhayo yakula. Nkacha ndi nkhani ina. Maboti awiri amazunguliza ukonde pakati pa nyanja, kenako munthu mmodzi amabira mpaka pansi kukasonkhanitsa chingwe cha m'munsi nkumanga kuti ukonde ukhale thumba, apo anzake amakoka. Malombe si nyanja yakuya ayi, malo ambiri munthu wodziwa kubira amafika pansi ndi mpweya umodzi, nchifukwa chake nkacha inakwanira bwino kwathu kuja. Maso a ukondewo ang'onoang'ono, amati ndi wa kambuzi, koma ukonde sufunsa dzina la nsomba, chilichonse chimene chili m'katimo chimatuluka.

Wobira wa nkacha ya amalume anali achimwene. Mukuwakumbuka aja anandibereka kumsana kundiolotsa pa dambo popita ku sukulu mu gawo 2. Anali ndi chifuwa chosunga mpweya achimwene, akalowa m'madzi mumatha kuyamba kuda nkhawa, kenako mutu uwo watulukira uko akuseka. Pogawana ndalama wobira amalandira zoposa alovi enawo, anthu ogwira ntchito pa boti, nde panthawi imeneyo pakhomo pathu panayamba kuoneka shuga.

Ine ndikukumbuka chambo cha ubwana wanga. Sindikukamba zongomva. Madzulo pa doko pamakhala mulu, malole ochokera ku Limbe ndi ku Zomba atandandalika m'mbali mwa msewu wa Liwonde–Mangochi kudikira, ife ana timangothandiza kukoka chingwe basi akutiponyera ziwiri zitatu kuti kapatseni amayi anu. Amayi akaphika kambuzi ababa amafunsa kuti kodi pakhomo pano pagwa chani. Ntchira inalipo, kampango, mlamba wamkulu woti mwana sanganyamule. A za usodzi amene ankalemba pa doko, mabuku awo amati chakumayambiriro kwa ma 1980 Malombe yekha amatulutsa chambo matani oposa 8,000 pachaka. Patangotha zaka 10 sichimafikanso ngakhale matani 1,000. Ine manambalawa ndinadzawadziwa nditakula kale, koma kutsikako ndinakuona mu mbale ya ndiwo.

1992 kunagwa chilala chija, chimanga chinapserera m'munda chisanamasule, fizi inasowa, ndinasiyira Standard 5. Sukulu yaulere inabwera 1994 ine nditazolowera kale ndalama ya pa doko ndipo ndevu zikuyamba. Ena mumafunsa kuti bwanji sunabwerere, abale, pakhomo panali ababa odwala chifuwa, alongo atatu, ndi amayi. Ndinakwera boti la amalume ngati wokapa madzi, kenako wokoka. Sindichita nazo manyazi ndipo sindipepesa kwa munthu.

Tsopano bwana wa komenti uja mvetserani apa. Mukuti sitimadziwa. Munthu woyamba kundiuza kuti nyanja ikutha sanali wa boma, sanali mzungu wa pulojekiti, anali achimwene amene sanafike ndi Standard 3 yomwe. Iwo ndi amene ankaona pansi, enafe timangoona pamwamba. Usiku wina tikudya anangoti, pansi paja pasanduka bwalo la mpira. Ababa anafunsa kuti ukutanthauza chani. Achimwene akuti pamene ankayamba kubira, pansi pamakhala udzu wofika m'chiuno, umakukola miyendo, tiana ta nsomba tili yakaliyakali m'menemo. Ndipo pamchenga pamakhala maenje ozungulira osalala bwino amene chambo chachimuna chimakonza nthawi yoswana kuti chachikazi chibwere. Chambo paja chimasunga mazira ndi ana m'kamwa, ukagwira mayi mmodzi nthawi imeneyo ukamutsegula kukamwa umapeza ana ali thoo, nde wapha banja lonse. Achimwene akuti tsopano udzu kulibe, maenje kulibe, chingwe cha m'munsi chapala zonse, kwatsala matope ndi nkhono. Malo amodzimodzi nkacha imadutsapo m'mawa, ina masana, mawa inanso, nanga zinali zochepa ngati, doko lililonse linali nazo.

Ababa anangoti uwauze amalume ako. Achimwene anawauzadi, ine ndilipo, tikusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango. Amalume anaseka. Anati mphwanga, nsomba si chimanga choti munthu amadzala, ndi za Mulungu, sizitha, zangosamukira ku nyanja yaikulu zibweranso. Ndipo anali ndi umboni wawo umene aliyense kwathu amaudziwa, woti kale agogo athu ali ana Malombe anaphwa, Shire anasiya kutuluka mu nyanja ya Malawi kwa zaka pafupifupi 20 mpaka cha m'ma 1935, anthu ankalima chimanga ndi mpunga pamene ife timaponya nkachapo. Madzi anabwerera, nsomba zinabwerera. Nde amalume amati ngati nyanja inauma gwaa nkudzadzanso chambo, iwe ukuopa ukonde? Zoona zake nkhani ya kuphwayo ndi yoona, kungoti nthawi imeneyo madzi atabwerera anapeza udzu ndi bango zili m'malo, Shire yense ali ndi nsomba zodzaswana, ndipo panalibe munthu wokwapula pansi tsiku ndi tsiku. Koma mwana wa mlongo sutsutsana ndi mwini mbumba pagulu, komanso boti ndi lawo. Achimwene anangoweramira ukonde nkumasoka.

Nde chimene chinachitika nchoti chambo chikamachepa, maso a ukonde amachepanso. Kambuzi amene kale tinkanyoza anasanduka ndiye geni. Kasawala, amene ndi ana a chambo, timathira mu ndowa limodzi ndi kambuzi. Ndipo amagulidwa! Apa mpamene ndimafuna ndikufunseni bwana, inu amene mukuti munakulira ku Ndirande, kasawala wouma uja mayi anu ankagula pa mulu mu msika, munkayesa akuchokera kuti? Simunadye? Ife timakoka chifukwa lole ili pa msewu ikudikira, lole imadikira chifukwa inu mukudikira. Komanso nsomba zowamba zija zimafuna nkhuni, mitengo ya m'mbali mwa nyanja inathera m'ng'anjo zowambira, kenako anthu anayamba kukwera m'mapiri, mvula ikagwa dothi lonse lofiira limatsikira m'nyanja momwemo. Tonse tinadya nawo Malombe, kungoti ena munkadyera patali pa tebulo.

1993, chaka cha riferendamu, kunabweranso zina kunyanja. Anayambitsa makomiti a pa doko aja amati ma BVC, Malombe ndi Shire wa kumtunda ndi kumene zinayambira m'dziko muno, akuti asodzi eni ake azisamala nyanja limodzi ndi boma. Mfundo zake zinali zabwino ndithu, sindinganame. Maso a nkacha asachepere 19 mm, ukonde usapitirire muyeso, ndipo pakhale miyezi yotseka kuti nsomba ziswane. Pamsonkhano woyamba achimwene anaombera m'manja kuposa aliyense. Koma taonani amene analowa mu komiti ya pa doko pathu: amalume, anzawo awiri a nkachanso, ndi achibale a amfumu. Alovi, anthu amene amalowa m'madzi, palibe anatifunsa. Ena amangolimbirana kupita ku ma wekishopu chifukwa cha alawansi. Ukonde wa mlendo ukagwidwa umalandidwa, wa mwini mudzi umangopindidwa bwino nkuikidwa kuseri kwa nyumba mpaka galimoto itapita. Amalume anali ndi maukonde awiri, wina woonetsa alendo, wina wogwirira ntchito. Ana awo ndikudziwa mukuwerenga, mmodzi wa inu anandiimbira foni gawo 5 litatuluka kuti ndikunyoza malemu. Sindikunyoza, anandilera mbali ina ndipo ndinawasambitsa ndi manja angawa atamwalira, inu muli ku Joni. Koma maukonde anali awiri.

Ndipo kutseka nyanja nkosavuta kwa munthu amene ali ndi golosale ndi ng'ombe. Kwa mlovi, miyezi ya Okutobala mpaka Disembala ndi nthawi imene nkhokwe yapepuka, dzuwa likuswa mtengo, ganyu kulibe chifukwa aliyense akufuna ganyu yemweyo. Mwini nkacha amakoka maboti kumtunda nkumadya zimene anasunga. Iwe udye chani?

Apa nde pamene ndimazemba paja.

Unali Novembala wa 1998. Alamu anali ndi pakati pa mwana wachiwiri, miyendo itatupa, kuchipatala anati akusowa magazi azidya bwino. Ababa anali atatisiya chaka chapitacho. Tinayesa kutchera matchera a malemu ababa m'nyanja, maso akuluakulu aja, kukaonjola m'mawa mumangopezeka nkhono ndi zinyalala, nsomba yoti ikodwe m'maso amenewo inalibemonso. Achimwene anapita kwa amalume kukapempha ngongole, anawayankha kuti nyanja ikatsegulidwa. Anabwerako osayankhula, anakhala pa khonde mpaka dzuwa kulowa, kenako anandiitana kuti mphwanga, tenga nkhafi.

Ndinadziwa kumene tikupita. Shire akatuluka mu Malombe kumunsi amalowa mu paki ya Liwonde, ndipo m'menemo usodzi ndi woletsedwa. Aliyense amadziwa kuti nsomba zatsala kumeneko, chifukwa chake nchomwecho choti nkacha sizifikako. Anthu amapita usiku, ena amabwerako ndi chambo chonga cha kale chija, ena amagwidwa nkukagona ku ndende, ena samabwerako. Amayi anationa tikutuluka ndi ukonde pa phewa. Sanafunse. Anangoti mwatenga malaya ofunda? Mu Novembala, kutentha konse kuja.

Tinapalasa mwakachetechete m'mbali mwa bango, mwezi kulibe, tinasankha dala. Titalowa mu mtsinje fungo lenilenilo linasintha, kumanunkha udzu wonyowa ndi ndowe za njovu, achule ndi tizilombo kuli phokoso loti kwathu tinaliiwala. Tinatchera. Sipanatenge nthawi, ukonde unayamba kugwedezeka, achimwene anaugwira chingwe nkunditembenukira, mumdima momwemo ndinaona mano akuseka. Anakweza chambo chimodzi chachikulu, anachigwira ndi manja awiri nkundinong'oneza kuti waona mphwanga, sizinasamukire ku nyanja yaikulu, zili pamene anthu sazivutitsa. Mawu omaliza amene anandiyankhula ndi amenewo, kutsutsa amalume, mwina nchifukwa chake nkhaniyi imandikanika kuisiya.

Mvuu sitinaione. Timazimva zikufwenthera chapatali ndipo achimwene amazidziwa bwino, koma iyi inatulukira pansi penipeni pa bwato. Ndinangomva ngati bwato lakwera pa mwala, kenako ndili m'madzi, mkamwa matope, sindikudziwa kumwamba nkuti. Nditatulutsa mutu ndinamva kukuwa kamodzi kokha, osati mawu, kukuwa chabe, ndi madzi akuwinduka. Ndinasambira kulowera kumene ndimaganiza kuti kuli bango, ndinagwira, linandicheka manja, ndinadzikoka mpaka pouma. Ndipo abale chimene chimandipweteka mpaka lero, sindikanatha kuitana mokweza. Tili mu paki, usiku, ndi ukonde. Ndinkaitana monong'ona, achimwene, achimwene, ngati ndikudzutsa munthu wogona pafupi. Munthu amene amakhala pansi pa madzi mpaka anzake kuchita mantha, ndinkadziuza kuti wabira, atulukira uko akuseka ngati nthawi zonse. Ndinakhala mu bango lija udzudzu ukundidya, ng'ona ndikuzidziwa kuti zilipo koma mantha ake sanandifike, ndimangoyang'ana pamadzi. Kunayamba kuyera. Ndinaona chidutswa cha bwato chitakodwa pa mtengo wogwera m'madzi, ndi nkhafi imodzi ikuzungulira pamalo amodzi.

Ndinayenda wapansi kudutsa m'tchire mpaka kutuluka, osavala nsapato, malaya ofunda aja ndinali nditawavula m'madzi. Nditafika amayi anali pa khonde pomwe tinawasiya, sindikudziwa ngati analowako m'nyumba usiku umenewo. Anayang'ana kumbuyo kwanga. Anayang'ananso. Kenako anatenga nsonga ya chitenje nkudzitsekera pakamwa, chifukwa maliro sungalire mtembo usanaoneke, komanso ukalira anthu afunsa kuti wafera kuti, ndipo wotsalayo amunyamula. Amayi anga analira mwana wawo woyamba ndi chitenje mkamwa kuti ateteze ine. Alamu anali m'nyumba akumva zonse, sanatuluke, tinangomva mphika wagwa.

Amfumu anauzidwa mwakachetechete, ashehe anauzidwa, madzulo ake amuna a m'mudzi anatsika ndi mabwato ngati akukafuna bwato lotayika. Amalume anapereka boti lawo limodzi, ichi ndinene, anapereka ndipo anakwera nawo. Achimwene anapezeka patapita masiku, kumunsi, atakodwa mu bango, ukonde wa ababa utawakulunga mwendo. Sindifotokoza mmene analili. Chipembedzo chathu chimati munthu aikidwe msanga, tinawaika tsiku lomwelo dzuwa likupendeka, ndipo ashehe sanalole kuti amayi awaone nkhope. Pa maliro anthu amangoti ngozi ya pamadzi. Aliyense amadziwa, palibe ananena.

Usiku wa tsiku limenelo amalume anandiitanira kuseri nkundipatsa ndalama yokulunga mu mpango, yoposa imene achimwene anakapempha ija. Ndinalandira, alamu amafunika magazi. Koma nyanja itatsegulidwa mu Januwale anatuma mwana kudzandiuza kuti malo a wobira alipo ngati ndikufuna. Ndinakana, ndipo kuchokera tsiku limenelo sindinakwerenso boti la nkacha. Ena m'banja amati ndinali wonyada, kuti ndinasiya amayi akuvutika pamene ntchito ilipo. Nenani. Ine pansi paja sindikanapita kukaona zimene achimwene ankaona.

Mwana anabadwa mu Febuluwale, wamwamuna, ndi uja mumamuona pa zithunzi zanga atavala yunifolomu ya unamwino. Zaka zotsatirazo ndinagulitsa nsomba zouma pa njinga, njala ya 2002 inatipeza, inatenga amayi aang'ono, kenako Joni.

Kwathu ndinapitako komaliza chaka chatha. Pa doko ndinapeza anyamata akukoka ukonde wosokedwa ndi maneti a udzudzu, omwe aja amagawa ku sikelo kuti amayi apakati azigonamo. Zimene zimatuluka ndi tinsomba tosakwana chala, ndi milu ya nkhono imene amangoitaya pamchenga. Mmodzi ndinamufunsa ngati anagwirapo ntchira, anandifunsa kuti imaoneka bwanji. Sindinawakalipire, ndiwakalipire ndili ndani, ndipo akasiya adya kwa ndani. Anyamata ambiri a msinkhu wawo ali ku Joni, midzi ina ya ku Mangochi mwatsala amayi ndi ana, anthu amati ndi kukonda za pamwamba koma pitani mukaone chimene chikutuluka mu ukonde kenako mudzanene.

Achikulire a ku Nkhotakota aja munafunsa ngati zingatheke kubwezeretsa. Bambo, pamene ndinkagula nsomba ku Salima ndinaona za pa chilumba cha Mbenji. Kumene kuja amfumu a Makanjira anakhazikitsa lamulo kalekale cha m'ma 1950, nyengo ya mvula chilumba chimatsekedwa, aliyense amachoka, mwini boti ndi mlovi chimodzimodzi, mpaka cha mu Epulo pamene amatsegula ndi mwambo. Mowa saloleza, ukonde wosayenera saloleza, wolakwa amathamangitsidwa kaya ndi wachibale wa ndani. Ndipo utaka umapezeka. Kusiyana kwake ndi kwathu nkoti kuja lamulo limagwira aliyense ndipo nthawi yotsekayo anthu amapita kukalima, pamene kwathu limagwira wosauka ndi mlendo. Komanso chilumba nchosavuta kulondera, Malombe ali ndi madoko mbali zonse ndi mafumu ambirimbiri, wina akaletsa asodzi amangosamukira kwa mnzake amene amalandira ndiwo m'mawa uliwonse.

Bwana wa komenti, ngati mwafika pano, yankhani pomwepo pagulu, musabwere ku inbox. Ndipo asuweni anga, musavutike kuimbanso foni, za mmene nkacha ija inagulitsidwira ndi kumene ndalama yake inapita pamene alamu ndi ana amagona m'nyumba yodontha, zimenezo zili mu gawo 7 limodzi ndi ulendo wanga wodutsa pa Mwanza ndi Tete wopanda pasipoti. Ndilemba data ikapezeka.